Ndinasambitsa Mwala ku Kamakura

Anthu a pa Chintheche nkhaniyi anaimva kale, koma anaimva yopindika. Ena akuti ndinagwadira fano, ena akuti ndinalowa chipembedzo cha Ajapani, ndipo mayi wina wogulitsa nthochi pamsika akulumbira kuti kafanoko ndinabwera nako m'chikwama. Ndiye ndati ndiinene ndekha, mwini wake. Ine ndine NyaManda, mlangizi wa ulimi wa mpunga ku Limphasa, ndipo kufikira ulendo umenewu ndinali wapampando wa amayi a yunifomu mumpingo wathu. Bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera. Ndinayamba kuzivala ndili mayi wamng'ono, ndipo ndinkazikonda ndi mtima wanga wonse. Yunifomu imeneyo ndi yomwe ndinaiika pachiswe ku Japan, maso ali gwa, osati mwangozi.

Anatisankha awiri kukaphunzira za kuthirira mpunga, ine ndi a Mbewe. A Mbewewa ndi abwana anga kuofesi, kwawo ndi ku Dowa, koma anakhalitsa kuno mpaka anakhala mkulu wa mpingo wathu womwewo. Ndiye kuntchito abwana, kutchalitchinso abwana, kothawira kulibe. Lamulo lawo analipereka tisanafike ndi ku Dwangwa komwe, galimoto ikulimbana ndi maenje popita ku Lilongwe kukakwera ndege.

"Mayi Manda, kumene tikupitaku tikukaona mpunga. M'nyumba za mafano phazi lathu lisakapondemo. Inu ndinu mtsogoleri wa amayi, mukaterereka kumeneko ine sindidzakhala chete. Tamvana?"

Ndinati, "Ndamva, abwana." Kumva ndinamvadi, makutu ndili nawo.

Za ndege sindinena zambiri. Ndinagona, ndinadzuka, mapazi anatupa, tinafika. Anatiika pahositelo ina ku Tsukuba pamodzi ndi anzathu a m'mayiko ena, masabata n'kumapita tikuyeza madzi m'minda ndi kulemba. Loweruka lina eni maphunzirowo anati tipumeko, atitengera ku Kamakura, tauni yakale ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kukaona akachisi. A Mbewe anaganiza mozama n'kugamula kuti tipita, kuopa kunyoza otisunga, koma pofika pa akachisipo ife awiri tidzatsala m'basi.

M'mawa mwake ndinatsika mosathamanga, poti ine ndikudziwa kuti basi imanyamuka ikadzaza. Ndinapeza dalaivala ataima pakhomo, atavala magolovesi oyera ngati akukatumikira mgonero, akuweramira aliyense wokwera. Nthawi itangokwana anatseka chitseko, mipando ina ili mbee. Mnzathu wina wa ku Ghana anatulukira akuthamanga, nsapato zili m'manja. Amene anamupepesera kwa dalaivala ndi mayi Yoshiko, wotitsogolera paulendowo, mayi wamfupi wa imvi, wausinkhu wanga, yemwe tinkamvana naye pa Chizungu chothyokathyoka. Anawerama kambirimbiri ngati wachedwayo ndi iye. Ndinaphunzirapo kuti kumeneko kuchedwetsa basi ndi mlandu waukulu ndithu.

Tinayenda bwinobwino mpaka kulowa mu Tokyo, ndiye basi n'kuima. Magalimoto ndandanda, kutsogolo osaona pothera, kumbuyonso chimodzimodzi, msewu uli m'mwamba pamwamba pa msewu unzake. Chomwe chinandidabwitsa ndi bata. Palibe woimba hutala, palibe wotulutsa mutu kutukwana, palibe wodutsira kumbali. Pa Dwangwa basi itaima chonchi, pawindo pangadzadze nzimbe, mazira owiritsa ndi chipisi, koma apa ngakhale wa mtedza analibe. Njala inayamba kundikanda. Tinkasuntha pang'ono n'kuimanso, pang'ono n'kuimanso, a Mbewe akuwodzera, mutu ukumenya windo, lamba atamanga ngati katundu.

Titadutsa Yokohama tinapatukira pamalo opumira. Apa ndiulule, chimbudzi chinandichititsa manyazi. Mpando wofunda ngati pangochoka munthu, pambali mabatani ambirimbiri, zolembazo zonse za mikwingwirima yawo ija. Ndinadina limene linkaoneka laulemu. Madzi anatumphuka kuchokera kumene sindinayembekezere, ine dzambatu, madziwo n'kupitiriza ntchito yawo pa chitenje changa. Ndinatuluka ndikuyenda chammbali ngati nkhanu. Panja ndinapeza a Mbewe atagula tiyi pamakina. Anali wobiriwira, wozizira, wopanda shuga, wowawa ngati katupe. Anamwa kamodzi nkhope n'kukwinyika, koma poti ndinkawayang'ana anaumiriza mpaka botolo lonse.

"Ndi wabwino ku thupi," anatero.

"Zikuonekadi, abwana," ndinayankha.

Tinafika ku Kamakura dzuwa litakwera. Malo oyamba anali kachisi wamkulu wofiira, wokhala ndi chipata chachitali cha mitengo iwiri ndi yopingasa pamwamba. Anzathu onse anatsika, Akhristu ndi Asilamu omwe, makamera m'manja. Ife awiri tinatsala. Basi inakaima kuseri, pakati pa mabasi ena, dalaivala n'kuzimitsa injini chifukwa kumeneko salola kuti izingolira chabe. Kutentha kunayamba kulowa. A Mbewe anatsegula Baibulo n'kumawerenga mokweza za ana a Israele ndi mwana wang'ombe wagolide, kuti uthenga undipeze bwino.

Ine ndinali pawindo. Chapatali ndinkaona chingwe chachikulu chopotedwa ndi mapesi a mpunga, chokhuthala kuposa thunthu la mgwalangwa, atachipachika pakhomo. Ine munthu wa mpunga, mapesi omwe ife timangowotcha ku Limphasa, anthu awa apota nawo chinthu chotere, ndipo sindingapite kukaona kapotedwe kake? Mtima unayamba kuwira. Ndawoloka nyanja ndi mayiko, mapazi kutupa, kuti ndidzaone kumbuyo kwa mpando wa basi? Ndili ndi zidzukulu ine. Kwathu ndimayendetsa misonkhano ya amayi a midzi yambiri, koma apa andikhazika ngati mwana wolangidwa nthawi ya buleki. Ndinapsa mtima kwambiri.

Nkhomaliro tinakadyera kugombe. Nyanja yawo ndinaiona ndipo ndinailawa, ndi yamcheredi. Mchenga wake ndi wodera, ndipo ndinene zoona, gombe la ku Kande limaposa. Anatipatsa mpunga wothira tinsomba toyera pamwamba, tating'ono kuposa bonya, toti kwathu atakupeza nato a za nsomba ukonde ungapite. Tinkakoma. A Mbewe anati iwo sadya nsomba zoyang'ana munthu, anagula banzi n'kukaima panja. Asanalume kawiri, kabawi anatsika kuchokera kumwamba, phaa, banzi lapita, iwo atsala ndi pepala m'manja. Ndinaseka mpaka kutsamwa, ndipo sindinabise.

Tikubwerera kubasi mayi Yoshiko anandikokera pambali.

"Manda-san, simukupeza bwino? Kapena talakwitsa penapake? Ndaona simunatsike."

Nkhope yake inali yodandaula zenizeni. Ankaganiza kuti iye ndiye walephera kusamala alendo. Manyazi anandigwira, manyazi a munthu woitanidwa pakhomo pa eni ake n'kukana kulowa m'nyumba. Kwathu kunyanja zimenezo ndi mwano, mlendo wotero timamukumbuka mpaka kalekale. Ndinamuuza kuti palibe cholakwika, ndipo malo otsatirawo nditsika.

Basi inakwera timisewu topapatiza mpaka dera lotchedwa Hase, kumene kuli kachisi wina m'mbali mwa phiri. Chitseko chitatseguka ndinaimirira n'kutenga chikwama. A Mbewe anatambasula mwendo pakanjira.

"Mukupita kuti, mayi Manda?"

"Ndikutsika."

"Tinagwirizana chiyani?"

"Munanena ndinu, abwana, ine ndinangomva. Chotsani mwendowo."

"Ganizirani yunifomu yanu. Seshoni ya mpingo ikamva izi, mudulidwa."

"Mulungu wanga si wa m'basi. Ngati angandithawe chifukwa ndaponda pabwalo la eni ake, ndiye kuti ndakhala ndikumuimbira pachabe zaka zonsezi."

Mwendo sanachotse, ndiye ndinaudumpha. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Kunena zoona ndinalowa ndi mkwiyo wokha, ndinalibe chimene ndinkafuna kumeneko. Maluwa, timadamu ta nsomba zofiira, masitepe amiyala okwera phiri, zonsezo ndinkangoziyang'ana mwamwano, mtima uli kwa a Mbewe. Anzathu anathamangira pamwamba kukajambula nyanja. Ine mawondo anandikana pakatikati, ndinaima kuti ndipume, ndipo mpamene ndinationa. Timiyala tosema ngati tiana, totalika ngati botolo, tambirimbiri, tandandalikidwa m'mizere kukwera khoma lonse. Timitu tometa, timaso totsinzina. Tina anativeka tizipewa toluka, tina tinsalu tofiira pakhosi tonga tomwe timamangira khanda likamadya phala. Pansi panali tizidole ndi timaswiti. Pakati pake panaima kamwala kena kokulirapo, m'kadziwe, pambali pali zikho za nsungwi.

Mayi Yoshiko anali pambuyo panga. Ndinamufunsa kuti tianati n'ta chiyani.

"Awa ndi a ana amene anapita asanabadwe, kapena anabadwa osalira," anatero motsitsa mawu. "Makolo amabwera kudzaika kamodzi, kuti mwanayo asakhale yekha. Amabweranso kudzamuona. Amathira madzi pa uyo, ngati kumusambitsa." Kenako anati, "Inenso ndinaikapo kanga, kalekale."

Ndinakhala pansi pasitepe pomwepo.

Ana anga anthu amawadziwa, ndi akuluakulu, ena ali pantchito. Koma mimba yanga yoyamba si ya amene mumamuti woyamba uja. Ndinali mtsikana, nditangokwatiwa kumudzi kwa malemu amuna anga, chakumtunda kwa Bandawe. Mimba inakwana bwinobwino, matewera ndinasoka, shawelo ndinagula. M'mawa wina wa mwera ndinachira, koma m'nyumbamo munangoti zii. Ndinadikira kulira, sikunabwere. Amayi akuluakulu anakulunga msanga m'chitenje n'kutulukira khomo lakuseri. Sanandionetse. Nditayamba kusisima, apongozi anga anandigwira pakamwa.

"Mtayo salira. Ukalira utseka mimba."

Anakaika okha amayiwo, kumene sindikudziwa mpaka lero. Panalibe bokosi, panalibe nyimbo, abusa sanabwere, belu silinalire. Dzina panalibe. Nditafunsa kuti anali mwana wanji, wamwamuna kapena wamkazi, apongozi anati chimene sichinalire sichifunsidwa. Patangopita masiku ochepa ananditumiza kudambo kukavuula chinangwa, mabere akutuluka mkaka mpaka kunyowetsa malaya, ndipo aliyense ankayang'ana kumbali. Kuyambira pamenepo ndaimba pamaliro osawerengeka. Ndavala zoyera, ndanyamula nkhata, ndagona pasiwa, ndatonthoza anamfedwa a eni ake. Wanga yekha ndiye sanalandire ngakhale vesi imodzi, ndipo ine mwini ndinamvera lamulo, ndinakhala chete mpaka imvi.

Ndiye apa anthu omwe a Mbewe akuti sadziwa Mulungu, ana otere amawalukira zipewa kuti asazizidwe.

Mwala ndi mwala, ndikudziwa. Katekisimu ndinakhoza, ndipo ndaphunzitsa ena. Sindinaganize ngakhale pang'ono kuti m'kamwalamo muli mzimu kapena mphamvu. Koma mwana wanga sindinamusambitse, ndipo manjawa ankadziwa zimenezo. Ndinadzuka, ndinatenga chikho, ndinagwada poti kamwalako kanali kafupi, ndinatunga madzi n'kuthira pamutu pang'onopang'ono, dzanja lina nditatchinga kumaso kuti madzi asalowe m'maso, monga timachitira ndi khanda. Ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje. Kenako zinatuluka. Sindinalire mwaulemu ngati a kumeneko, ndinalira maliro a kwathu, okweza, oitana amayi anga omwe anapita kale. Ndinamutcha Wezi, dzina loyenera mnyamata ndi mtsikana yemwe, poti sindinkadziwa. Ndinauza Chiuta m'Chitonga kuti mwanayu dzina lake ndi limeneli, mulembeni.

Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Ajapani odutsa ankangowerama pang'ono n'kulambalala. Mayi Yoshiko anandinyamulira chikwama n'kuima pambali panga, ndipo mayi uja amene m'mawa ankanjenjemera ndi kuchedwa kwa mnzathu wa ku Ghana sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi.

Nditatukula mutu ndinaona nsapato zakuda zopolishidwa bwino. A Mbewe. Anaona kuti onse abwerera kupatula ine, basi ikudikira, ndiye analowa kudzanditenga. Foni inali m'manja, yolunjika kwa ine, ndili chogwada, chikho m'dzanja.

"Mayi Manda," anatero. "Mwachita chiyani?"

Ndinadzuka. Ndinabwezera chikho pamalo pake, ndinatsuka kumaso ndi madzi otsala m'manja, tinatsika.

M'basi onse anali atakhala kale, chete. Ndinaima kutsogolo, ndinaweramira dalaivala monga amachitira eni ake, ndinapepesa kwa onse chifukwa chowachedwetsa. Kupepesa kwanga pa nkhani yonseyi kunali komweko, ndipo sindinapepesenso kwina.

Pobwerera tinatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja, magalimoto atapanikizana ngati m'mawa muja, kasitima kobiriwira kakutipitirira pambali. Anzathu ankajambula chilumba china ndi phiri lawo lotchuka lija, lomwe linkaoneka mwa apo ndi apo m'mitambo. Ine ndi a Mbewe sitinaone zambiri. Iwo anasamukira pampando wa pafupi nane. Ndiwanenere chilungamo, sanabwere mwaukali. Ankaoneka munthu wovutika mumtima.

"Mayi, ine sindikufuna kukuwonongerani. Tagwira ntchito limodzi nthawi yaitali. Tichite chonchi. Munene kuti munkangoyerekeza, zojambulitsa za alendo, simunadziwe tanthauzo lake. Mupepese pamaso panga, tipemphere, chithunzichi ndifufuta pompano. Zithera m'basi muno."

Inali njira yabwino ndithu, ndipo ndinaiganizira. Ndinaona bulauzi yanga ili pahang'ala kunyumba, ndinaona amayi a yunifomu aja akuimba ine ndili kutsogolo. Mtima unawawa. Koma kunena kuti zinali zosewera kukanakhala kumutulutsiranso khomo lakuseri mwana uja, ulendo uno ndi manja anga.

"Sizinali zojambulitsa, abwana. Ndimasambitsa mwana wanga."

"Ana anu onse ndimawadziwa."

"Uyu simumudziwa. Anali woyamba. Sanalire."

Anayang'ana foni. Kenako anati, "Pepani. Koma zoterozo sizinenedwa, mayi. Ndipo sizichitikira pamaso pa fano."

"Zichitikire kuti? Ndionetseni malo ake kutchalitchi kwathu, ndipita mawa."

"Musandiyese. Ine ndili ndi udindo."

"Chithunzicho mwajambula mutaima kunja kwa mpanda?"

"Ine ndinalowa kukabweza nkhosa yosokera."

"Nkhosayo yakana. Tumizani, abwana. Mukafuna ndikuthandizeni kulemba mawu apansi pake."

Anabwerera pampando wawo. Tisanafike ndi ku Yokohama komwe foni yanga inayamba kunjenjemera m'chikwama, ndipo sinasiye mpaka ku Tsukuba. A Mbewe anali ataponya chithunzi chija pagulu la pafoni la akulu ampingo, koma chinthu chikalowa m'foni chilibe mpanda. Sindinaitsegule. Masiku otsalawo tinamaliza maphunziro tikupatsana moni wa pakamwa pokha. Tsiku lonyamuka mayi Yoshiko anandigwira manja onse awiri.

Titatera ku Lilongwe a Mbewe anati ayamba adzera ku Dowa kukaona abale, galimoto ya ofesi n'kupita nawo. Ine ndinakakwera basi ya kunyanja mudepoti. Aa, kwathu n'kwathu. Kondakitala analumbira kuti tikunyamuka pompano, injini ikulira kuti tikhulupirire, koma tinakhala pamenepo mpaka mlaliki anamaliza ulaliki, wogulitsa mankhwala a mano anamaliza wake, wina n'kukweza matumba a kabichi pamapazi panga. Pa Salima tinaima kudikira anthu omwe kunalibe. Titangodutsa Nkhotakota tayala linaphulika, ndipo jeke anachita kukabwereka kwa lole yodutsa. Tonse tinatsika n'kukhala pansi pa mtengo wa mango.

Pamenepo mayi wina amene anakhala moyang'anana nane ankangoti akayang'ana foni, ayang'ane ine, akayang'ana foni, ayang'ane ine. Anali wa ku Kande, nkhope ndinkaidziwa, tinakumanapo pamisonkhano ya amayi. Anagwedeza mnzake ndi chigongono. Ndinaona kuti akuvutika, ndiye ndinawathandiza.

"Ndinedi, ama. Tabweretsani ndione ngati anandijambula bwino."

Anandipatsa foniyo. Chinali chithunzi chabwino ndithu, a Mbewe dzanja ali nalo. Ndinali chogwada, nkhope yonyowa, dzanja nditatchinga kumaso kwa kamwala kaja. Pansi pake wina analemba kuti taonani wapampando wathu. Ndinabweza foniyo n'kuwagawira masikono a ku Japan. Mnzakeyo anakana, koma iye analandira n'kumanga pansonga ya chitenje, osadya. Titakweranso palibe anandiyankhula mpaka kuwoloka Dwambazi, ndipo ine ndinagona tulo tabwino.

Ndinatsika pa Chintheche dzuwa likadalipo. Tsiku lopita, amayi anandiperekeza ndi nyimbo mpaka pamsewu. Tsiku lobwera panali wakabaza yekha, ndipo nayenso anandiyang'ana kawiri asanakweze chikwama.

M'mawa mwake ndikusesa pakhonde ndinamva odi. Anali ama NyaLongwe, mayi wokalamba kwambiri pa amayi onse a yunifomu, woyenda ndi ndodo, wa kumudzi kwa malemu amuna anga. Seshoni ikafuna kutuma mawu olemera kwa mzimayi imatuma iwo, poti palibe angawabweze. Ndinawayalira mphasa, tinalonjerana m'Chitonga mwa masiku onse, za ulendo, za mawondo awo, za mwera umene unaletsa asodzi kulowa m'madzi. Kenako anaika ndodo pansi.

"Mwana wanga, andituma. Akuti uime kaye pa mgonero ndi pa mpando, ndipo yunifomu usavale mpaka ukaonekere. Ukakapepesa pamaso pa mpingo, akuti aganiza zokubwezera. Ukakana, basi."

"Ndamva, ama. Kukaonekera ndikaonekera, sindithawa. Koma akauzeni asataye nthawi kudikira kupepesa. Chimene ndinachita ndikanachita kale ndikanadziwa kuti chimatheka."

"Ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndikudziwa."

Ndinalowa m'nyumba. Ndinatsitsa bulauzi pahang'ala, siketi ndi duku, ndinazipinda bwinobwino n'kuziika m'jumbo. Sindinama, ndinaima kaye kuseri kwa chitseko. Sanandiuze kuti ndizipereke, koma sindinafune kuti zizindiyang'ana m'chipinda ngati ndaba. Ndinatuluka n'kuika jumboyo pamphasa.

"Mukasunge ndinu. Ndazichapa, n'zoyera."

Ama NyaLongwe sanaigwire. Ankayang'ana kubwalo, kumene nkhuku zinkapalasa pansi pa thandala la chinangwa.

"A Mbewe anena kuseshoni kuti unkati ukusambitsa mwana," anatero. "Amuna aja sanamve kuti ndi mwana uti. Ine ndinamva."

Ndinawayang'ana. M'nyumba muja tsiku lomwe ndinachira lija munali amayi angapo, nkhope zawo sindinazisunge, ndipo ambiri anapita kale.

"Akuti unamutcha dzina?"

"Wezi."

"Wezi," anabwereza pang'onopang'ono, ngati akulawa. Anatola ndodo, anadzuka movutikira, jumbo ija n'kuikolowetsa m'khwapa. Ndinawaperekeza mpaka pampanda. Pamenepo anaima, osatembenuka, n'kuyankhula chapansipansi kuti a nyumba yoyandikana asamve.

"Ndinamunyamula ndine. Wenga munthukazi. Anali mtsikana, mwana wanga, wa tsitsi lambiri ngati lako."

Anapita ndi yunifomu yanga, akutsimphina, kulowera njira ya kutchalitchi. Ine ndinakhala pansi pomwepo pampanda, pamchenga, anthu akudutsa kupita kumsika, ndipo ndinamulira mwana wanga wamkazi mokweza kuti Chintheche yonse imve.